Foni Pampando wa Ankhoswe

Chamboli,
Kitwe.

Achimwene a Anock,

Ndiyambe ndi moni monga anatilelera amayi, ngakhale mtima ukufuna kuyambira pena. Muli bwanji kumeneko ku Kamwendo? Bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolamula muli pakhonde? Nanga alamu, mutu uja unawasiya? Ife kuno tilipo. Chifuwa cha fumbi chatigwira monga chimachitira chaka chilichonse mphepo ikamawomba kuchokera kumgodi, koma palibe amene wagona nacho. Magetsi ndiye akungozimazima, moti makina anga osokera amakhala chete theka la tsiku, makasitomala n'kumandiyang'ana ngati ndine ndimazimitsa.

Musadabwe kuona pepala. Nthawi zonse ndikakuyimbirani mumadula, kenaka kumabwera kameseji kanu koti ndilembe. Ndiye ndalemba. Ndapatsira a Jesse a kumpingo kwathu, amene akupita ku Mchinji kukaona amayi awo, ndipo ndawauza kuti asakasiye kalatayi pagolosale, akakupatseni m'manja alamu akuona. Ndikudziwa kuti mumakonda zazifupi. Iyi ndi yaitali, ndipo muiwerenga yonse, chifukwa zimene munandichita ku komboni ya Chimwemwe zandinyansa mpaka lero.

Nkhani ya Wesley mwakhala mukuimva m'zidutswa, poti munthu polemba pafoni sanena zonse. Lero ndikuuzani kuyambira pachiyambi, kuti musadzati simunadziwe kukula kwake.

Mwana wangayu, amene inu ndinu amalume ake ndiponso nkhoswe ya ukwati wake, amagwira ntchito ku Ndola, m'nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial. Amayendetsa kagalimoto konyamula matumba. Mkati mwa sabata amagona komweko, kuno amabwera Loweruka. Mkazi wake Dainess ndinkakhala naye ine, m'chipinda chakuseri chija anamanga malemu bambo ake a Wesley. Ndi mtsikana wosachuluka mawu, ndipo ndi amene ankandisitira zovala za makasitomala mpaka pakati patamulemera.

Tsiku lake litakwana zinthu sizinayende bwino. Mwana anakhala mopingasa, adokotala anati palibe kuchitira mwina koma opaleshoni. Ine ndi asewere anga, amake Dainess, tinali pakhonde la chipatala tikudikira. Tinamuyimbira Wesley, sanayankhe. Pamenepo sindimudzudzula, chifukwa kuntchito kwawo salola munthu kugwira foni ali pachiwongolero.

Koma shifiti imatha, achimwene. Ataweruka, mkazi wake ali chigonere ndi bala lapamimba, mwana wangayu anatumiza meseji kufoni ya Dainess yofunsa ngati wabadwa ndi mwamuna kapena mkazi. Zokhazo. Amene anaiwerenga ndi amake Dainess, poti mwini wake anali asanatsitsimuke bwino. Atamuyankha kuti ndi mwamuna anapempha chithunzi, ndipo posakhalitsa chithunzicho chinali pasitetasi, anzake akumuyamikira kuti tsopano ndi bambo. Mawu a mkazi wake anali asanawamve. Sanayimbe tsiku limenelo, sanayimbe mawa lake, anangobwera Loweruka monga mwa masiku onse atanyamula matewera.

Dainess atatuluka m'chipatala anapita kwa amake ku Chimwemwe. Zimenezo n'zamwambo, sindinadandaule. Koma mchombo unagwa kalekale, mwana wayamba kumwetulira, iye sakubwerera. Anandiuza yekha, mwaulemu wake uja, kuti ine alibe nane chifukwa. Anati akakumbukira kuti akanatha kutsirizika patebulo paja, mwamuna wake n'kumva pameseji monga mmene anafunsira pameseji, thupi lonse limamuzizira.

Wesley ndinamukhazika pansi. Anayamba ndi zoti thokutaimu, kwanuko mumati mayunitsi, inamuthera, ndinangomuyang'ana mpaka bodzalo linamuthera m'kamwa. Kenaka ananena zoona, kuti ankaopa. Akuti akanamva mawu a Dainess akanalira, ndipo m'chipinda chimene amagona ku Ndola muli anyamata anzake. Ndinamuuza kuti akanalira, chifukwa kulirako ndi kumene mkazi wake ankafuna kumva. M'malo mwake anayamba kumutumizira mameseji opepesa, aataliatali, odzaza timaluwa ndi timitima, m'Chingerezi chimene Wesley sanayankhulepo chibadwire. Dainess anandionetsa umodzi. Zinali zoonekeratu kuti anangokopera kwina, ngakhale kupepesako sikunali kwake.

Musandiyese munthu wodana ndi meseji. Ine ntchito yanga imayenda ndi meseji. Kasitomala akandilembera miyezo yake ndimakondwa, chifukwa mawa sangakane kuti sananene choncho. Za misonkhano ya amayi kumpingo, za kuti basi yafika, za kuti nsalu ija yapezeka kumsika wa Chisokone, zonsezo ndilembereni, ndiwerenga ndikatsitsa singano. Amene amanditopetsa ndi aja oyimba nsalu ili pamakina, magetsi angoyaka kumene, n'kuyamba kundifunsa za mvula ya chaka chatha. Palinso ena ofulasha, kuno amati kupeja, ofuna kuti vuto lawo ndiliyimbire ndine. Ndiye pali msuweni wathu wa ku Chipata uja, amene amayimba ya vidiyo m'mawa munthu usanasambe m'maso, kuti angokuonetsa mbuzi.

Koma ine ndimayesa chonchi. Nkhani imene ndikanatha kumuuza munthu ndikudutsa, ndili kunja kwa mpanda, imeneyo ndimalemba. Nkhani imene ndikanayenera kulowa m'nyumba, kupatsidwa pokhala, kupereka moni kaye, imeneyo ndimayimba, ndipo ngati miyendo ingafikeko ndimapita. Sindinaphunzire kusukulu zimenezi. Inu ndi ine tinakulira m'nyumba imodzi, munaziona zomwezi.

Wesley atapita yekha ku Chimwemwe anamubweza bwinobwino, anati nkhani yafika pa ankhoswe. Nkhoswe ya kuchikazi mukuidziwa, a Sunday Mvula, amalume ake a Dainess, aja ogulitsa matabwa. Munakhala nawo pamodzi pomanga ukwatiwu, inu mutavala suti yotuwa ija, ndipo munawauza ndi pakamwa panu kuti kukadzagwa kanthu adzakupezani. Iwo ndi amene anakuchitirani chifundo. Anati si bwino kuvutitsa munthu wamkulu wodwala bondo kuti awoloke malire pabasi, angoyimba, tiyike foni pasipika, ayankhule onse akumva. Mabanja ambiri kuno akutero masiku ano, poti amalume ambiri ali kumudzi. Ndinakulemberani tsiku ndi nthawi, inu munayankha ndi liwu limodzi la Chingerezi losonyeza kuti mwamva.

M'mawa wa tsikulo magetsi kunalibe. Ndinapita ndi foni kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola, ndinakhala pabenchi pakati pa amuna mpaka inadzaza. Ndinagula bandulo yaikulu kuti mawu anu asadukire panjira. Tinakwera minibasi ya m'tauni, kenaka ina ya ku Chimwemwe, ine ndikumulimbitsa mtima Wesley njira yonse kuti amalume ake ndi munthu wodziwa kuyankhula.

Tinapeza atikonzekera. Panali a Mvula ndi akazi awo, amake Dainess, ndi Dainess pamphasa atafukata mwana. A Mvula analowa kuchipinda n'kutulutsa mpando wawo wa khushoni, umene sakhalapo munthu wamba. Anauyika pakati, anayalapo kansalu koyera koluka, n'kundiuza kuti ndiyike foni pamenepo, chifukwa amenewo ndi malo a ankhoswe a kuchimuna. Iwo eni nyumba anakhala pakampando kathabwa. Asewere anabweretsa botolo la chakumwa n'kuliyika pafupi ndi mwendo wa mpandowo, akuseka kuti mlendo ndi mlendo ngakhale samwa. Anthu a Pentekoste aja mukuwadziwa, anapemphera nthawi yaitali, mpaka anapempherera netiweki ya ku Malawi kuti isavute.

Tinadikira. A Mvula anakamba za kukwera mtengo kwa matabwa, nkhaniyo inatha. Anakamba za msewu wa ku Chingola, inathanso. Mwana anagona, anadzuka, anayamwa. Ine maso anali pampando paja.

Ndiye foni inalira. A Mvula anakonza jekete lawo, asewere anakhala bwino, Wesley anagwada. Tonse tinayesa kuti ndi chiyambi cha kuyitana. Koma kanali kaphokoso kakafupi kaja, ka meseji, ndipo sikanapitirire.

Ndinaitenga n'kuwerenga chamumtima. Ndikuuzeni zoona, ndinafuna kunama kuti ndi kasitomala. Koma a Mvula anali ataona dzina lanu, ndipo anandipempha kuti ndiwerenge mokweza, poti ankhoswe ayankhula. Ndinawerenga ine, mlongo wanu, ndi pakamwa pangapa.

Munalemba ngati mfundo za kumsonkhano, zokhala ndi manambala. Yoyamba, kuti Wesley analakwa ndipo akupepesa kudzera mwa inu. Yachiwiri, kuti Dainess abwerere kunyumba mwezi usanathe. Yachitatu, kuti mwanayo dzina lake akhale Anock. Pamapeto munayika kachithunzi ka chala chachikulu choimika. Munalibe moni kwa a Mvula. Munalibe funso loti bala la Dainess likupola bwanji. Mkazi anachekedwa pamimba kuti abereke mdzukulu wanu, inu n'kumulamula tsiku lobwerera ngati mukuyitanitsa feteleza.

Pomwepo ndinakuyimbirani, anthu onse akuona. Inayitana, munadula. Kunabwera meseji ina yoti muli kumsonkhano wa kopaletivu wokambirana mtengo wa soya, ndipo zonse mwalemba kale. Madzulo ake ndinaona pasitetasi panu mutayika chithunzi, mwaima pafupi ndi nkhumba yanu imene yaswa, mukumwetulira mano onse. Choncho za netiweki musayambe n'komwe.

A Mvula sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayamba m'Chinyanja, atafika popweteka analowa m'Chibemba monga amachitira anthu a kuno. Anati iwonso amagulitsa matabwa ndi meseji tsiku lonse, sakuiona choipa. Koma anabwera ndi mafunso awiri ofunsa nkhoswe mnzawo: ngati akudziwa mmene mwana wawo anaberekera, ndiponso amene adzadzuke Wesley akadzachitanso zoterezi. Anandifunsa kuti tsopano mafunsowo afunse ndani, mpando kapena ine. Kenaka ananena mawu amene anandibaya. Anati anasonkhana kuti aweruze mnyamata amene analemba pamene anayenera kuyankhula, koma tsopano aona kumene mnyamatayo anaphunzira.

Atatero anachotsa kansalu kaja, anandipatsa foni ndi manja awiri, n'kubwezera mpando kuchipinda. Botolo linatsala pansi losatsegula. Ndakhalapo pamaliro a mwamuna wanga, ndagonapo ndi njala m'nyumba muno, koma manyazi ngati amenewo sindinawaonepo. 

Tisanatuluke, asewere anayankhula za dzina. Anati dzina la mwana limanenedwa ndi pakamwa, mwanayo ali m'manja mwa munthu, anthu akumva, ndipo dzina lobwera ndi chala choimika iwo salilandira. Anati kusikelo anamwino atopa kufunsa, mwana akungolembedwa ndi dzina la amake. Ngati akuchimuna alibe pakamwa, iwo amutcha okha, ndipo dzina analipeza kale. Akuti adzakhala Sanayimbe. Wesley anangowerama. Dainess anakoka chitenje n'kumufunda mwana kumaso.

Musaganize kuti ndi nthabwala. Anthu akwathu ndi a ku Katete ndi amodzi pa zimenezi, akakwiya amalemba mkwiyo wawo pamwana. Mwaiwala azakhali athu a Mwandida? Anakalamba mpaka kumwalira atasenza mkangano wa agogo ndi mkazi mnzawo, nkhani imene iwo sanaione ndi maso. Aliyense womva dzinalo ankafunsa kuti anadana ndi ndani, ndipo nkhani inkayambiranso. Mdzukulu wanga adzapita kusukulu, aphunzitsi adzayitana Sanayimbe, anzake adzafunsa kuti ndani sanayimbe. Yankho lake lidzakhala bambo ake ndi inu.

Si dzina lokha. Asewere amapita ku Katete kukalima mvula isanagwe, ndipo anena poyera kuti ngati nkhani siitha atenga Dainess ndi mwana. Mwambo wathu mukuudziwa, mwana ndi wa kuchikazi. Akakwera basi imeneyo ine ndilibe pogwira. Wesley ndi mwana wanga mmodzi yekha amene Mulungu anandisiyira, ndipo uyu ndi mdzukulu wanga woyamba. Ndinamusokera timalaya ndi zotsala za nsalu za makasitomala, tili m'sutikesi, ndipo akukula kutipitirira asanativale.

Lachiwiri lotsatira ndinabwerera ndekha ku Chimwemwe. Magetsi anali atayaka, ntchito ili mulu, koma ndinatseka makina. Ndinagwada pamaso pa a Mvula, pakhomo pa shedi yawo ya matabwa, ogula akuona, ine mayi wa imvi. Ndinakunamirirani kuti mwina simunamvetse dongosolo, ngakhale ndikudziwa kuti munamvetsa bwinobwino. Anandidzutsa, anati si ine wolakwa. Avomera kutulutsanso mpando uja kamodzi kokha, ndipo anenetsa kuti kachitatu kulibe.

Ndikuuzeninso ichi, mwina muchita nacho manyazi. Wesley wasintha. Kuyambira tsiku lija amayimba akaweruka, amatuluka m'chipinda cha anzake n'kukaima kuseri kwa mpanda. Masiku oyamba Dainess sankayankha, iye ankangoyimbabe. Tsopano amayankha, nthawi zina sayankhula zambiri, amangoyika foni pafupi ndi mwana kuti bambo ake amve mmene akupumira. Dainess anandinong'oneza kuti tsiku lina Wesley analira, ndipo ananena zimenezo nkhope yake itamasuka koyamba chichokere m'chipatala. Mtima wake wayamba kubwerera. Koma sangatenge chikwama n'kubwera kuno amalume ake asanamasule, ndipo amalume ake sangamasule asanamve nkhoswe. Mnyamata waphunzira, watsala ndi wamkulu.

Ndikudziwa zimene muyankhe, poti ndazimva kambirimbiri. Mumati cholembedwa chimakhala, mawu amauluka. Mumati pafoni anthu amazungulira, amawononga mayunitsi ndi moni. Mumati munagwira ukalaliki ngati abambo, mumakonda zinthu zolongosoka. Abambowo analidi kalaliki pamgodi, ankalemba kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Koma pakhomo la mnansi pakagwa nkhani sankatuma kapepala, ankavala chipewa n'kukwera njinga, ndipo inu ndi amene munkawapopera matayala.

Ine ndikuona kuti vuto lanu si mayunitsi. Mumaopa kuyankhidwa. Pameseji mumanena zanu n'kuyika foni m'thumba, palibe wokudulani, palibe wokufunsani funso limene simunakonzekere, simumva munthu akupuma mokwiya. Ndi mantha omwe aja a Wesley, kungoti inu mwawaveka jekete. Komatu unkhoswe ndi umenewo, kukhala pansi n'kudzudzulidwa pa cholakwa cha mwana wa mlongo wako, n'kupepesa ngati walakwa ndiwe. Pa ukwati munadya nkhuku ya ankhoswe, sindinakuoneni mukuitumiza pameseji.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna ndalama, sindikufuna mtedza, sindikuti mukwere basi. Loweruka la sabata yamawa, pa fotini awazi, kwanuko mumati thu koloko masana, muyimbe. Ngati kuli msonkhano wa soya, soyayo adikire. Mupite pachulu paja kuseri kwa khola, pamene mumajambulira nkhumba zanu, poti taona kuti netiweki imagwira bwino pamenepo.

Mukayimba muyambe ndi moni, aliyense ndi dzina lake, kuyambira a Mvula. Mumufunse Dainess za bala lake, ndipo mudikire ayankhe. A Mvula akayamba kuyankhula muwasiye amalize, ngakhale alowe m'Chibemba, munakulira kuno mukuchimva. Akakhala chete musadule, chete ameneyo ndi mbali ya nkhani. Za tsiku lobwerera Dainess musatchule, adzanena ndi iwo. Akakupatsani mpata, mutchule dzina la mwana ndi pakamwa panu. Ine ndidzakhala nditamunyamula, ndidzayandikitsa khutu lake pafoni.

Dzina la Anock ndinkalifuna ndine, mwanayo asanabadwe. Ndinamuuza Dainess tikusita, kuti akadzakhala mwamuna tidzamutcha dzina la amalume a Wesley amene anandiperekeza kusukulu ndili wamng'ono, amene anandigwira dzanja pamanda a mwamuna wanga. Chiwerengere meseji ija dzinalo likundiwawa m'kamwa. Komabe mukalinena nokha, anthu akumva, ndidzalilandira ndipo nthungululu ndidzayimba ndine.

Kalatayi musayankhe ndi meseji. Ikabwera sinditsegula, ngakhale ikhale ndi manambala khumi. Yankho lanu ndidzalimva Loweruka, ndili pamphasa ku Chimwemwe, ndikuyang'ana mpando uja. Kulira kwa foni yanga ndimakudziwa, kwakufupi ndi kwakutali. Kukadzamveka kwakufupi sindidzaitola n'komwe, ndidzangomupereka mwana kwa asewere kuti amutche.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo ndinalidula kale, ndidzapatsira wobwera. Moni kwa ana anu, Jessica ndi amuna ake, Ruby, ndi Jairus amene ndamva kuti wayamba kuwotcherera zitsulo pa Kamwendo. Moni kwa amayi aang'ono ngati akundikumbukirabe, ndi kwa abale onse a kutsidya kwa dambo. Wesley akupereka moni kwa amalume ake. Dainess ndinamufunsa ngati ndilembe moni wake, anangoyang'ana pansi, ndiye sindilemba.

Pali mmodzi amene ndikanamalizira naye, monga timachitira ndi wamng'ono wa onse. Ndafika pamzere wake, cholembera chili m'manja, koma ndilibe dzina loti ndilembepo.

Ndine mlongo wanu,
Zipporah Nankhoma